Acropora Kapena Xenia: Thanki Yoonetsa ndi Thanki Yogawa

Mlendo akalowa m'chipinda momwe muli thanki yanga yowetera makorali, tinyama ta m'nyanja yamchere tomera pamiyala ngati zomera, ndimadziwiratu kumene maso ake athamangire. Sayang'ana Acropora wa nsonga zabuluu amene ndamulera zaka ziwiri ngati mwana wodwaladwala. Amapita pakona, pa kamwala ka Xenia kamene ndinapatsidwa ulere, kamene timanja take timangofumbata ndi kufumbatula tsiku lonse osatopa. Amawerama mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda galasi, n'kufunsa kuti, "Kodi zimenezi n'zamoyo?" Ndikamulozera Acropora uja amangoti, "Eee, nayenso ndi wokongola," maso atabwerera kale kwa Xenia.

Kale zinkandiwawa, pano ndimangoseka. Ndiye anzanga oyamba kumene akandifunsa kuti asunge makorali ati, ndisananene za magetsi ndi mapampu ndimayamba ndawafunsa kuti thanki imeneyo akufuna aziionetsa kwa ndani, ndipo m'menemo akufuna muzituluka chiyani chopatsa ena. Makorali olimba ndi makorali ofewa amasiyana pa kasamalidwe, inde, koma amasiyananso pa mtundu wa anthu amene amakubweretserani pakhomo.

Ndiyambe ndi olimba a timilomo ting'onoting'ono, amene tonse timangowatcha SPS: Acropora, Montipora, Seriatopora, Stylophora ndi abale awo. Awa amamanga chigoba ndi calcium carbonate amene amakoka m'madzi, choncho akamakula, alkalinity (muyeso wa carbonate wa m'madzi) ndi calcium zimatsika tsiku ndi tsiku ndipo inu muyenera kubwezeretsa. Ambiri timasunga mchere pa 1.025 kapena 1.026, kutentha pa madigiri 25 kapena 26, alkalinity cha m'ma 8 dKH, calcium pakati pa 400 ndi 450 ppm, magnesium cha m'ma 1300. Manambalawo si ovuta kuwaloweza. Chovuta n'chakuti Acropora amadana ndi kusinthasintha kuposa mmene amadanira ndi nambala yophonya pang'ono. Alkalinity ikadumpha mwadzidzidzi, nsonga zimapsa. Zikafika poipa nyama imasupuka pachigoba, matenda amene timawatcha RTN, ndipo korali amene madzulo anali bwinobwino mawa lake mumamupeza atayera mbee.

Munthu wa thanki yotere mumamudziwa. Amayeza madzi asanapite kuntchito. Akachoka pakhomo masiku atatu mtima umakhala uli m'mwamba, ndipo amene wamusiyira makiyi amalandira malangizo odzaza tsamba lonse. Walira mvula walira matope. Koma musamumvere chisoni kwambiri, chifukwa pali chimwemwe china chimene iye yekha amachidziwa: kuona kanthambi kotalika ngati chala kayamba kuyala chigoba pamwala, kenako n'kutulutsa nsonga zatsopano zoyera, mpaka patatha chaka n'kukhala chitsamba. Chimwemwe chimenecho n'chenicheni, kungoti ochimvetsa ndi ochepa. Mlendo wamba amaona timitengo touma tosagwedezeka. Amene amaima kakasi pamaso pa thanki ya SPS ndi mnzanu woweta, amene akudziwa kuti kuseri kwa mtundu wofiirira umenewo kuli miyezi yambiri yosagona tulo.

N'chifukwa chake eni SPS amakonda kugawana zithunzi. Anthu owamvetsa ali kutali, ndipo chithunzi ndicho chimawafikira. Apa pali nkhani yakeyake. Makorali ambiri ali ndi mapuloteni amene amawala akaombedwa ndi kuwala kwa buluu, ndiye thanki imakongola koopsa madzulo magetsi oyera akazima. Koma foni ikaona buluu wotere imasokonezeka, chithunzi n'kutuluka chabuluu chokhachokha. Timaika kagalasi ka olenji pa kamera, timazimitsa mapampu kuti madzi adekhe, timajambula kuchokera pamwamba. Zonsezi palibe cholakwika. Cholakwika chimayamba pamene munthu wakometsera mitundu pa kompyuta mpaka korali wabulauni kuoneka ngati utawaleza, wina n'kumusirira, n'kulandira kachidutswa kake, n'kumadabwa kuti bwanji kwake sikakuoneka choncho. Ine ndikafuna kudziwa zoona za thanki ya munthu ndimapempha chithunzi cha thanki yonse, magetsi oyera ali oyaka. Chithunzi chapafupi chimabisa zambiri. Nanenso ndinajambulapo korali mmodzi wokongola, ndere zitadzaza mbali inayo, ndipo palibe anadziwa.

Zithunzi zoterezi zimapweteka oyamba kumene. Thanki iliyonse yatsopano imadutsa m'miyezi yonyansa, pamene mchenga umachita bulauni ndi tindere totchedwa ma diatom, kenako mabakiteriya ofiira otchedwa cyano amayala ngati bulangete. Munthu ali m'kati mwa zimenezo, akaona mathanki a anzake pa Instagram amataya mtima, osadziwa kuti akuyerekeza tsiku lake loipitsitsa ndi kamphindi kabwino koposa ka mnzake.

Tsopano ofewa. M'gululi timaikamo Xenia, green star polyps, Kenya tree, Sarcophyton wooneka ngati bowa wamkulu wachikopa, ndipo mwachizolowezi timaphatikizamo ma mushroom monga Discosoma ndi ma zoa, ngakhale akatswiri a sayansi amawaika m'magulu ena. Alibe chigoba cholimba choti azimanga, choncho sakoka alkalinity ngati anzawo aja. Madzi akadetsedwa pang'ono ndi nitrate iwo sadandaula, ena amachita kunenepa. Magetsi apakatikati akwanira. Mukaiwala kusintha madzi sabata imodzi amakukhululukirani. Ndipo amagwedezeka, chimene ndicho chimakopa maso a munthu aliyense, mwana kaya gogo.

Chimandimvetsa chisoni n'chakuti eni mathanki amenewa amaonetsa zawo mopepesa. Mumamva munthu akuti, "Ndi ofewa chabe, sindinafike pa SPS," ngati kuti ali kalasi yotsika ndipo akudikira mayeso. Ine sindigwirizana nazo. Thanki ya ofewa yokhwima, Sarcophyton atatambasula timanja take tonse, ma zoa atayala pamwala ngati maluwa, kansomba ka clownfish katabisala m'menemo, imaposa mathanki ambiri a SPS amene ndawaona ali ndi tizidutswa makumi atatu tondandalikidwa ngati mano a chipeso. Mavuto ake alipo ndithu. Sarcophyton amatha kutseka masiku angapo akusuwa kachikopa kake, mwini wake n'kuganiza kuti wafa. Green star polyps ndi Xenia mukawaika pamwala waukulu amalanda thanki yonse, ndipo kuwachotsa n'kuchita kutulutsa mwalawo. Aikeni pa kamwala kapaokha pamchenga. Amene amawatcha udzu sanama kwenikweni.

Pakati pa awiriwa pali LPS, olimba a timilomo tikulutikulu, monga hammer, torch, Duncan ndi candy cane. Ali ndi chigoba koma nyama yawo ndi yochindikala ndipo imavina ndi madzi, ndiye amasangalatsa mlendo ndi katswiri yemwe. Apatseni malo, chifukwa ena amatulutsa timikono titalititali toluma oyandikana nawo. Pa nkhani yogawa amachedwa, popeza muyenera kudikira mutu ugawike pawiri musanadule nthambi.

Kusiyana kwenikweni kumaonekera pa kachidutswa kamene timakatcha frag. Acropora ndi wosavuta kudula: mumathyola kanthambi ndi pulayala yodulira, n'kukamata ndi super glue wokhuthala pa kapulagi, kamene ndi kotsamirapo kakang'ono, basi. Vuto ndi woti mumupatse. Kupatsa woyamba kumene frag ya Acropora n'kumupatsa maliro, ndipo ikafa amachita manyazi kukuuzani, ubwenzi n'kuyamba kuzizira. Ofewa ndi osiyana. Kuwamata n'kovuta chifukwa amatulutsa thovu lonanda lokana guluu, moti timawamanga ndi kalabala kapena kuwaika m'kapu ya timiyala yovindikira ndi kaneti mpaka agwire okha. Koma akagwira amakhala moyo pafupifupi kwa aliyense. Kenya tree amachita kugwetsa yekha nthambi zake, inu n'kungotola. Anthu ambiri amene ndikuwadziwa m'ntchitoyi korali wawo woyamba anali wofewa wopatsidwa, ndipo saiwala amene anawapatsa.

Chenjezo limodzi lisandidutse. Ma zoa ena, makamaka Palythoa, ali ndi poizoni wotchedwa palytoxin amene ndi woopsa kwambiri kwa munthu. Powadula valani magolovesi ndi magalasi oteteza maso, musagwire muli ndi bala, ndipo mwala umene anamerapo musauwiritse kapena kuuthira madzi otentha, chifukwa nthunzi yake yadwalitsapo mabanja athunthu. Mukapatsa mnzanu ma zoa, mupatseninso mawu amenewa.

Mphatso imabweranso ndi alendo osaitanidwa. Frag ya Acropora imatha kubisa tinyongolotsi taphanthiphanthi todya Acropora kapena tinsikidzi tofiira, ya Montipora imabisa tinkhono toyera topanda chigoba, ndipo mwala wa ofewa umabwera ndi Aiptasia, kachilombo kooneka ngati duwa koluma makorali, amene akaswana mumalimbana naye chaka. Mankhwala oviikamo makorali amapha tizilombo tatikulu koma mazira amapulumuka, choncho ndi bwino kuchotsa kapulagi kakale ndi kusunga frag m'kathanki kapadera milungu ingapo. Tsiku lina mnzanga anandiona ndikuviika mphatso yake iye ali pomwepo, nkhope n'kugwa. "Achimwene, mukuyesa thanki yanga ndi yauve?" Ndinamuuza kuti yanganso akaiviike akafika kwawo, chifukwa nanenso sindiona chilichonse chimene chili m'madzi mwanga. Pa kuopsa kwa tizilombo, SPS ndiye amaluza kwambiri: tinyongolotsi tija tikalowa m'thanki yodzaza Acropora, ntchito ya zaka imatha kupita.

Komabe sindinganene kuti ogawa enieni ndi a ofewa okha. Mbiri ikanditsutsa. M'zaka za m'ma 1980, pamene ambiri ankati Acropora sangakhale moyo m'thanki, Acropora wa woweta wina, Dietrich Stüber wa ku Berlin, anakula mpaka kufunika kudulidwa, ndipo zidutswa zake zinayenda m'manja mwa oweta m'maiko osiyanasiyana, dzina lake n'kumamatira pa koraliyo. Masiku ano makorali onse a chigoba cholimba ali pa mndandanda wa Appendix II wa CITES, pangano la maiko loyang'anira malonda a zachilengedwe, kutanthauza kuti kuwaolotsa malire a dziko kumafuna chilolezo, ngakhale atakhala mphatso yochokera m'thanki mwanu. Dziko la Indonesia litaimitsa kutumiza makorali kunja mu 2018, ambiri anazindikira kuti korali wodalirika ndi amene wakulira m'thanki ya mnzawo, wozolowera kale magetsi a LED ndi mchere wosungunula.

Ine phunziro langa linabwera ndi hita. Inakanirira osazima usiku wonse, ndipo m'mawa madzi anali pa madigiri 32, ali mbuu, fungo lake losaiwalika. SPS onse anapita m'masiku awiri. Ofewa anafota, n'kudzuka patatha sabata ngati palibe chachitika. Ndinakhala mwezi osafuna kuyatsa magetsi a thankiyo, ndipo zithunzi ndinasiya kutumiza osauza aliyense chifukwa chake. Ndi khalidwe lathu ambiri: zikamayenda timaonetsa, zikagwa timangoti zii. Kenako mnzanga uja wa nkhope yakugwa anafika ndi kabotolo. Munali Montipora wofiira, mwana wa frag imene ndinamupatsa chaka chapitacho, atakula ngati chikhatho. "Wanu uyu, ndimangokusungirani," anatero. Akuluakulu aja anati kupatsa n'kuika, ndipo kwa munthu wa SPS mawuwo ndi malangizo a ntchito: korali aliyense amene mumamukonda akhale ndi mbale wake m'thanki ina.

Ndiye mukandifunsa, ndinena motere. Ngati mukufuna thanki yoti a m'nyumba mwanu aziikonda, yoti muzichoka pakhomo mtima uli m'malo, ndiponso yoti muzikokera nayo anthu atsopano m'ntchitoyi, tengani ofewa, muonjezepo hammer mmodzi kapena awiri, ndipo musapepese kwa aliyense. Ngati chimene chimakukokani ndi kulimbana ndi chinthu chovuta n'kuyamikiridwa ndi anthu ochepa odziwa, pitani ku SPS, muyambe ndi Montipora kapena Seriatopora musanagwire Acropora, koma musayambe muli nokha. Pezani kaye anzanu awiri a mathanki okhazikika oti muzisungitsako zidutswa. Kusakaniza zonse m'thanki imodzi n'kotheka, nanenso ndimatero, kungoti makorali achikopa amatulutsa timankhwala tobweza m'mbuyo SPS, ndiye carbon asasowe mu sefa ndipo madzi azisinthidwa pa nthawi yake.

Montipora wofiira uja pano wayala mbale zitatu, ndipo frag yake ili kale m'mathanki awiri. Xenia naye wadzazanso kamwala kake, wayamba kukwawira pagalasi. Loweruka ndimudula. Ndakonza makapu atatu, awiri ali ndi eni ake, yachitatu ikudikira mlendo wotsatira amene adzawerame pakona paja n'kufunsa ngati zimenezi n'zamoyo.