Tikiti ya mpikisano wonse kapena ya masewero a timu yako yokha ku Big East

Mpikisano wa basketball ya amuna wa mayunivesite a m'gulu la Big East umachitika mwezi wa Marichi pa bwalo la Madison Square Garden, mumzinda wa New York, ndipo wakhala ukuchitikira pamalowa kuyambira 1983. Matimu 11 amasewera masewero 10 kuyambira Lachitatu mpaka Loweruka, ndipo timu yogonja imalongedza katundu tsiku lomwelo.

Munthu wogula tikiti ya mpikisano wonse miyezi ingapo pasadakhale amakhala ndi mpando wotsimikizika, zomwe zimakoma kwambiri Lachinayi, pamene masewero anayi a makotafainolo amagawidwa masana ndi madzulo. Vuto lake ndi lakuti amalipira asanadziwe nambala imene timu yake idzamalizire mu ligi. Ngati amachemerera Georgetown, anyamata ake n'kutuluka Lachitatu, amatsala ndi matikiti a masiku atatu m'manja, ndipo amakakamizika kuonera matimu ena ngati Villanova ndi UConn (yunivesite ya Connecticut) akulimbirana chikho kapena kuwagulitsa pa StubHub, tsamba la pa intaneti logulitsirapo matikiti, mwina motaya.

Wodikira mpaka ndandanda ya masewero itatuluka amangogula gawo limene timu yake ikusewera, ndipo nthawi zina amatola matikiti otchipa kwa ochemerera okhumudwa amene akubwerera kwawo. Komabe St. John's, yomwe ndi ya mumzinda momwemo, ikafika ndime yomaliza, mitengo imakwera kwambiri. Kwa munthu wochokera kutali ngati ku Omaha, kwawo kwa Creighton, amene walipiratu ndege ndi hotela, ine ndimaona kuti kudikira koteroko n'kuika ulendo wonse pachiswe.