Phukusi la webusaiti ya WordPress patatha chaka: nyenyezi 3 mwa 5

Phukusili ndi la mtundu uja anyamata a zamakompyuta akugulitsa masiku ano kwa eni saluni, malo ogona alendo ndi mashopu a zipangizo zomangira. Muli domain (dzina la webusaiti yanu pa intaneti), malo osungira webusaiti kwa chaka chimodzi, masamba asanu okonzeratu ndi batani la WhatsApp. Injini yake ndi WordPress, pulogalamu yaulere imene Matt Mullenweg ndi Mike Little anayambitsa mu 2003 kuti anthu azilemberapo mabulogu. Ndiye ndalama yanu sikugula pulogalamuyo ayi, ikulipira ntchito yoiveka zovala za bizinesi.

Kuvekako anakuchita bwino. Webusaiti inatuluka sabata isanathe, pafoni imaoneka yaudongo, ndipo aliyense wodziwa kuika chithunzi pa Facebook angathe kusintha mtengo wa katundu payekha. Batani la WhatsApp ndi limene limagwira ntchito kuposa china chilichonse, bola nambala iyambe ndi 265, ziro wa kutsogolo achotsedwe.

Koma fungo la bulogu silinathe. Kankhani ka "Hello world!" kamene kamabwera ndi WordPress iliyonse yatsopano anakasiya pomwepo, malo a ndemanga ali otsegula, moti munadzaza mauthenga otsatsa juga. Kutseka ndemanga pa Settings, kenako Discussion, kumangokhudza nkhani zatsopano. Kankhani kakaleko kafufuteni. Muyang'anenso pa Settings, kenako Reading. Pali kabokosi kouza Google kuti isaonetse webusaitiyo, kamene okonza amachonga pomanga kenako n'kuiwala kuchotsa. Apa kanali kochongabe, ndipo dzina la bizinesi silinkatuluka ukalifufuza.

Zithunzi nazo zinaikidwa mmene zinachokera m'foni. WordPress imachepetsa yokha chithunzi chachikulu kufika pa mapikiseli 2560, komabe chimakhala cholemera kwa kasitomala wa kabandulo kochepa. Netiweki ikangogwedera, munthu amatseka tsamba lisanatseguke. Chepetsani m'lifupi kufika pa mapikiseli 1200, kulemera kusapitirire 200 KB, musanachikweze.

Fomu yotumizira uthenga imalemba kuti uthenga wapita, chonsecho sunafike. Chifukwa chake n'chakuti WordPress imatumiza imelo kudzera pa seva (kompyuta yosungira webusaiti) popanda chitsimikizo cha amene watumiza, ndiye Gmail imaiponya ku spam kapena kuikana. Pulagini (kapulogalamu koonjezera pa WordPress) ya WP Mail SMTP inathetsa vutoli. Dzitumizireni uthenga nokha tsiku lolandira webusaiti.

Za kulipira musayembekezere zambiri. WooCommerce, pulagini yogulitsira katundu pa webusaiti, imadziwa kwacha, koma payokha imangobwera ndi njira zitatu: kutumiza ku banki, cheke, ndi kulipira katundu akafika. Kuti Airtel Money kapena Mpamba izidula yokha pamafunika pulagini ina ndi mgwirizano ndi kampani yolandirira ndalama, zimene m'phukusimu mulibe. Njira yachidule ndi kulemba manambala anu m'malangizo a kutumiza ku banki, kasitomala n'kutumiza umboni pa WhatsApp.

Pamene nyenyezi ziwiri zathothokera ndi pa umwini. Akaunti imene wogulitsa amapereka ndi ya Editor, osati Administrator. Mutha kulemba ndi kusintha masamba, koma simungaike pulagini, simungaikweze ikakalamba, ngakhalenso kutsegulira wantchito wanu akaunti. Muli ngati wa lendi m'nyumba yomanga nokha. Domain nayo inalembetsedwa m'dzina la wogulitsa, ndiye chaka chikatha mtengo amatchula ndi iye, ndipo mukakangana amapita nalo dzina lomwe munasindikiza kale pa chikwangwani ndi pa malisiti. Theme, yomwe imapatsa webusaiti maonekedwe ake, inalibe kiyi ya laisensi, kutanthauza kuti silandira zokonza zatsopano, ndipo mabowo a mapulagini ndi ma theme okalamba ndi amene akuba a pa intaneti amalowera kawirikawiri. Mitundu ndi zina anazisintha m'mafayilo a theme yeniyeniyo m'malo mopanga child theme (theme yapadera yosungiramo zosinthazo), choncho tsiku loikweza zonsezo zidzafufutika.

Musanapereke theka lomaliza la ndalama, uzani wogulitsa kuti domain ikhale m'dzina lanu ndi imelo yanu, akupatseni pasiwedi ya Administrator ndi ya cPanel (khomo lolowera kumalo osungira webusaiti), ndiponso aike pulagini ya UpdraftPlus kuti izitumiza kope la webusaiti yonse ku Google Drive yanu sabata iliyonse. Akayamba kuzemba pa nkhani ya domain, ndalamayo igwireni kaye.