K/DA, True Damage ndi HEARTSTEEL: gulu liti la League of Legends loyenera kusunga m'foni?

Magulu oimba atatuwa adapangidwa ndi kampani ya Riot Games, eni gemu ya pa kompyuta ya League of Legends, kuti ma skin (zovala ndi maonekedwe ogulitsa a anthu a m'gemuyo) aziyenda malonda. Oimba omwe mumawaona pa kanema ndi anthu a m'gemu, koma mawu ndi a oimba enieni. Ine chomwe ndimayang'ana ndi ichi: kodi nyimboyo ingamvekebe bwino mutatseka gemu, mukuchapa kapena muli m'minibasi?

K/DA ndiyo idatsegula njira. Idatulukira mu November 2018 ndi POP/STARS, pa fainolo ya mpikisano wa dziko lonse wa gemuyi ku Incheon, ku South Korea. Ahri ndi Akali adaimbiridwa ndi Miyeon ndi Soyeon a gulu la (G)I-DLE, Evelynn ndi Madison Beer, Kai'Sa ndi Jaira Burns. Pamene aliyense amakumbukira ndi pomwe Akali akuchita rap m'sitima: magetsi akazima, chophimba kukamwa chake chimawala ndi mano ojambulidwa, Soyeon n'kumathamanga ndi Chikoreya mosapuma. Sindimva Chikoreya, koma pamenepo thupi limachita tsembwe.

Chomwe chikuipatsa mphamvu K/DA n'chakuti sidathere pamenepo. Mu November 2020 idatulutsa kachimbale ka ALL OUT kokhala ndi nyimbo 5, ndipo sizifanana. VILLAIN ndi ya Evelynn, yozizira, yoyenda pang'onopang'ono, momwe Madison Beer adaimba ndi Kim Petras. DRUM GO DUM ndi ya ng'oma zothamanga. I'LL SHOW YOU muli mawu a ena mwa atsikana a gulu la ku South Korea la TWICE. MORE idabweretsa Seraphine, yemwe anali munthu watsopano wa m'gemu, ndi vesi ya Chitchaina ya Lexie Liu, pa nthawi yomwe fainolo inali ku Shanghai. Ambiri sadakondwe ndi momwe Seraphine adamulowetsera, ndipo nane ndimaona kuti nyimboyo imafooka pang'ono akangoyamba, chifukwa moto wa Soyeon umazima mwadzidzidzi. Komabe kachimbaleka mungakamvere konse osadumpha.

True Damage idabwera mu 2019 ndi GIANTS, fainolo ili ku Paris. Ngati mumakonda hip-hop, iyi ndiye yanu. Ekko adaimbiridwa ndi Thutmose ndi Duckwrth, Qiyana ndi Becky G, Senna ndi Keke Palmer, ndipo Soyeon adabweranso ngati Akali. Muli Chingerezi, Chisipanishi ndi Chikoreya, ndipo mavesi amalandirana mwaluso. Thutmose adabadwira ku Nigeria. Qiyana adafika povala zovala zokonzedwa ndi Louis Vuitton. Kunena zoona, pa rap yokha GIANTS imaposa POP/STARS. Chomwe chimandiwawa n'chakuti gulu laluso chotere lidatipatsa nyimbo imeneyo n'kukhala chete, pomwe likadatha kutulutsa chimbale chonse.

HEARTSTEEL, gulu la anyamata la 2023, lidadza ndi PARANOIA. Baekhyun wa gulu la ku South Korea la EXO ndiye Ezreal, Cal Scruby ndi Kayn, ØZI ndi Sett, Tobi Lou ndi K'Sante, pomwe Yone ndi Aphelios saimba. Kanema wake ngosangalatsa, wodzaza chipwirikiti, ndipo mawu a Baekhyun ndi osalala. Koma mukangomvera popanda kuonera, nyimboyo imamveka yodukaduka, aliyense akukokera kwake. Imafuna kanema kuti iime.

Pali Pentakill, gulu lakale kuposa onsewa, lomwe chimbale chake choyamba chidatuluka mu 2014, koma ilo ndi la heavy metal, nkhani ina.

Ngati bandulo ndi yochepa, koperani ALL OUT yonse ndi POP/STARS, muwonjezerepo GIANTS. PARANOIA ionereni pa YouTube mukapeza Wi-Fi.