Dzino likakuwukirani usiku ku Lilongwe: kufamase, kuboma kapena kupulayiveti?

Dzino silidziwa kuti ndi pakati pa mwezi. Langa linayamba Lachisanu usiku ndili kwathu ku Area 25, ndipo pofika Lolemba njira zitatu zonsezi ndinali nditazilawa.

Yakufamase ndi yongofikitsa munthu m'mawa. Panado ndi Brufen zimathandizadi, makamaka mukamachukuchanso m'kamwa ndi madzi ofunda a mchere. Koma a zilonda za m'mimba ndi amayi oyembekezera, Brufen musamuyandikire musanafunse. Aspirin wamufinya n'kumuyika pankhama? Amawotcha ameneyo, mudzuka ndi chilonda pamwamba pa ululu. Makapisozi ogula nokhanso satseka bowo, dzino limangogona masiku n'kudzukanso. Zoika asidi wa batire padzino zija n'zoopsa, tisakambe n'komwe.

Kuboma simulipira, mumalipira ndi nthawi. Lawirirani ndi buku lanu lakuchipatala, poti mzere wa mano umayamba kusanache. Kamuzu Central Hospital ili ndi gawo la mano, koma pokhala chipatala chachikulu ndi bwino kudzera kuchipatala chaching'ono cha kwanuko kuti akulembereni. Ntchito yomwe imachuluka m'zipatala zaboma ndi kuzula, ndipo ambiri omwe amakugwirani ndi ma dental therapist, ophunzira ntchito ya mano koma osafika pa udokotala. Madokotala a mano enieni ngochepa m'dziko muno: maphunziro awo a digiri anangoyamba mu 2019 ku College of Medicine, yomwe pano ndi Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS). Ngati dzino lanu ndi chitsa chabe, kuzula kwaulereko kukukwanirani.

Kupulayiveti n'komwe kuli mpata wokambirana. Amajambula dzino, n'kukuuzani ngati lingamatidwe kapena lifunika root canal, kumene amachotsa mtsempha wovunda mkati dzino n'kukhalabe. Apa ndalama zimatuluka, abale, ndipo root canal nthawi zambiri sithera ulendo umodzi. Funsani mtengo wonse musanakhale pampando, ndipo omwe muli pa inshulansi ya zaumoyo ya MASM fufuzani kaye ngati sikimu yanu ikulipirira zimenezo. Ine langa linali lapafupi ndi kutsogolo, loonekera ndikaseka, ndiye ndinalolera ngongole.

Pali nthawi ziwiri pomwe kuyerekeza konseku kumatha. Tsaya likatupa mpaka kudiso kapena kukhosi, thupi n'kutentha, malovu n'kumavuta kumeza, amenewo ndi mafinya akufalikira. Pitani ku Central usiku womwewo, ngakhale pa kabaza.

Ina ndi dzino la munthu wamkulu likaguluka lathunthu, kaya pa mpira kaya pa ngozi ya njinga. Ligwireni kumutu kwake, osati kumuzu, musalikweche. Litsukuluzeni pang'ono n'kulibwezera m'malo mwake, kapena liyikeni mumkaka, ndipo mufike kwa wamano ola lisanathe, kulikonse komwe kuli pafupi komanso kotsegula. La mwana wamng'ono lomwe limayenera kudzaguluka kale musalibwezere, lingawononge lomwe likumera pansi pake.