Giya yachiwiri inkakana m'mawa uliwonse

Abale anga kumudzi, ambiri mwa inu munaona chithunzi cha galimoto yofiira chimene ndinatumiza chaka chatha, ndipo mpaka lero mafunso sakutha. Ena mukufunsa ngati ikuthamangabe, ena mukuti ndikupezereni yofanana nayo. Ndaona kuti ndi bwino ndikufotokozereni zimene ndakumana nazo, chifukwa pachithunzi paja panangooneka penti yonyezimira, mavuto ake anali pansi.

Galimotoyi ndi ya mipando iwiri, yotsika kwambiri moti ukakhalamo umamva ngati wakhala pamsewu penipeni. Injini ili kutsogolo koma amakankha ndi mateyala akumbuyo. Magiya ake ndi osintha pamanja, asanu opita kutsogolo, livesi n'kukhala yachisanu ndi chimodzi. Ndinaigula kwa munthu wina kuno ku Johannesburg itayenda kale kwambiri. Tsiku lokaiona ndinafika masana, dzuwa likuswa mtengo, ndipo nditagwira boneti ndinamva kuti ndi yofunda. Mwiniwake anati amaitenthetsako kuti ndisavutike. Ndinaiyendetsa, magiya onse ankalowa bwinobwino, ndipo ndinalipira mtima uli m'malo.

Mzinda uno uli pamtunda, mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pamene pamalekezera nyanja yamchere, choncho mu June ndi July kumazizira zoti udzu umadzuka uli mbuu ndi chisanu. M'mawa wina wotero ndikupita kuntchito, ndinanyamuka ndi giya yoyamba, ndinaponda klatchi mpaka pansi, nditakokera ndodo ya magiya ku yachiwiri ndinangomva kuti khrrr, ngati munthu akukukuta mano kutulo. Kunjenjemera kwake kunafika m'chigongono. Ndinakankha mwamphamvu, inalowa. Nditayenda mphindi khumi ndi zisanu vutolo linatha, ndiye ndinati ndi kuzizira chabe.

Apa ndi pamene ndinalakwitsa, ndipo zimandiwawabe. Kwa miyezi itatu ndinkaikakamiza giyayo m'mawa uliwonse. Kenako yoyamba nayo inayamba kuvuta ndikaima pa maloboti, ndipo livesi inkalira kwambiri moti anzanga okhala nawo nyumba ankadziwa kuti ndikutuluka. Nditapita kugalaja ina, makaniko sanagone n'komwe pansi pa galimoto. Anangomvetsera kamodzi n'kunena kuti giyabokosi yatha, ndigule ina.

Mnzanga wa kuntchito ndi amene ananditengera kwa bambo wina wachikulire amene wakhala akukonza magalimoto kwa zaka zambiri. Bamboyu anandiuza kuti ndisiye galimotoyo kwawo usiku, ndibwerenso mamawa isanalizidwe. Kutacha anandikhazika pachiwongolero injini ili yozima, n'kunena kuti, "Mwana wanga, ponda klatchi, lowetsa magiya onse mmodzimmodzi." Onse analowa mofewa. Anati ndilize injini, ndiponde klatchi mpaka pansi, ndiwerenge pang'onopang'ono mpaka faifi, kenako ndilowetse livesi. Inalira khrrr. Iwo anangogwedeza mutu n'kuti, "Wamva? Klatchi yako sikusiya bwino."

Anandifotokozera motere. Ukaponda klatchi, injini imayenera kulekana kotheratu ndi giyabokosi kuti shafti ya m'kati isiye kuzungulira. M'magalimoto ambiri otere livesi ilibe chothandizira kufananitsa liwiro, ndiye ngati wadikira masekondi angapo koma ikuliranso, ndiye kuti shafti ija ikukokedwabe ndi injini. Ndipo ngati magiya akulowa bwino injini ili yozima koma akukana ikalira, choyamba kuchikayikira ndi klatchi, giyabokosi ibwere pambuyo.

Klatchi ya galimoto imeneyi imayendera mafuta, omwe aja a mabuleki, a DOT 4. Pedulo imakankha master cylinder, mafutawo amadutsa m'kapaipi kukafika ku slave cylinder imene ili m'mbali mwa giyabokosi, ndipo iyo ndi imene imakankha foloko yotsegula klatchi. Titatsegula kabotolo ka mafutawo tinapeza ali bii, atatsikanso. Mafuta amenewa amayamwa chinyezi cha mumpweya pakapita nthawi, n'chifukwa chake amafunika kusinthidwa pakatha zaka ziwiri kapena kuposerapo pang'ono. Bambo aja anagona pansi, anafendula kalabala kophimba slave cylinder ndi chala, ndipo mafuta anatsika m'dzanja mwawo. Inkadontha mobisa m'kati mwa kalabalako, pansi osaoneka dontho ngakhale limodzi. Tinaika yatsopano, ine ndikupopa pedulo iwo akutsegula ndi kutseka kanipo kotulutsira mpweya, mpaka thovu linasiya kutuluka. Tsiku lomwelo livesi inakhala chete, yoyamba nayo inayamba kulowa ndi zala ziwiri.

Yachiwiri inakanabe.

Tinabwera ku oyilo wa m'giyabokosi. Chinthu chimene ndinaphunzira pamenepo, ndipo inu amene mumakonza nokha magalimoto muchisunge, n'chakuti umayamba wamasula bawuti yothirira, ya m'mbali, usanakhudze yokhuthulira ya pansi. Ukayamba ndi yapansi n'kupeza kuti yam'mbali yagwira dzimbiri, watsala ndi giyabokosi youma. Oyilo atatsikira m'beseni, bambo aja anamutengera padzuwa n'kupendeketsa besenilo. Munali tinthu ting'onoting'ono tonyezimira ngati fumbi lagolide, tikuyandama. Bawuti yapansi ili ndi maginito, ndipo inali ndi phala lakuda lachitsulo, limene iwo anati pang'ono chabe silidetsa nkhawa. Koma fumbi lachikasu lija maginito saligwira, chifukwa ndi mkuwa, ndipo mkuwa wotero m'giyabokosi umachokera makamaka ku mphete zotchedwa synchro.

Mphete zimenezi ndi zimene zimachititsa kuti tizisintha magiya popanda phokoso. Giya iliyonse yopita kutsogolo ili ndi yake. Ukamakankha ndodo, mpheteyo imayamba yakhudza giya imene ukufuna n'kuigwira ngati buleki yaing'ono, mpaka liwiro la giyayo lifanane ndi la shafti, kenako mano amalumana mwakachetechete. M'kati mwa mpheteyo muli timizere tosongoka todula oyilo kuti igwire bwino. Timizereto tikatha, mphete imangoterereka, mano n'kumagundana liwiro lisanafanane. Ndiye khrrr uja. Yachiwiri ndi imene kawirikawiri imayamba kutha, makamaka m'magalimoto othamanga, chifukwa pakati pa yoyamba ndi yachiwiri pali kusiyana kwakukulu kwa liwiro, komanso ndi pamene eni ake amakonda kuikoka mwaukali injini ili pamwamba. Onjezanipo klatchi yosasiya bwino ndi dzanja langa lokakamiza kwa miyezi itatu, mpheteyo inkalimbananso ndi mphamvu ya injini.

Za oyilo pali chinanso. Buku la galimotoyi limati m'giyabokosi muzithiridwa wa GL-4, pamene ku difu, imene imagawira mphamvu ku mateyala akumbuyo, kumapita wa GL-5. Onse akhoza kulembedwa 75W-90 pabotolo, nambala yosonyeza kulimba kwa oyilo, ndiye anthu ambiri amangothira mmodzi konsekonse. Koma wa GL-5 ali ndi mankhwala ambiri a sulfure ndi fosiforasi otetezera mano a difu, ndipo m'magiyabokosi ena amachititsa kuti synchro isagwire msanga. Kukazizira oyilo aliyense amalimba, choncho mphete yotha kale imalephereratu m'mawa. Tinathira wa GL-4 mpaka anayamba kusefukira pabowo la m'mbali, umene ndi muyezo wake. Tinasinthanso timabushi tapulasitiki ta pansi pa ndodo ya magiya, timene tinali titaphwanyika moti ndodoyo inkagwedera ngati dzino lofuna kuguluka.

Zinasintha kwambiri, koma m'mawa wozizira yachiwiri inkadandaulabe pang'ono. Podikira kuti ndisonkhanitse ndalama, bambo aja anandiphunzitsa kuponda klatchi kawiri. Potsika kuchokera ku yachitatu, umaponda, kuika nyutirolo, kusiya klatchi, kugunda moto pang'ono, kupondanso n'kulowetsa yachiwiri. Pokwera kuchokera ku yoyamba sugunda moto, umangopuma pa nyutirolo kamphindi. Ukatero ntchito ya mphete ija ukuigwira ndi phazi lako. Madalaivala akale ambiri ankayendetsa choncho, kampani ya Cadillac ya ku America isanayambe kuika synchro m'magalimoto ake mu 1928, ndipo oyendetsa malole ena amaterobe mpaka pano. Zinanditengera sabata kuti phazi ndi dzanja zigwirizane, ndipo ndinayamba kuikonda kwambiri galimotoyo chifukwa ndinkamva chilichonse chimene ikuchita.

Inu achimwene amene mukuti ndikupezereni yofanana nayo, ndilibe vuto, koma tikagwirizana ndidzapita kukaiona mamawa isanalizidwe, ndipo boneti ikadzakhala yofunda ndidzabwerera n'kupitanso tsiku lina. Ndidzayesa livesi monga ndafotokozera, ndidzatsika kuchokera ku yachitatu kupita ku yachiwiri ili pa liwiro ndithu, ndidzasiya moto mwadzidzidzi m'giya iliyonse kuti ndione ngati ndodo sikudumpha yokha, ndipo ndidzasuzumira m'kabotolo ka mafuta a klatchi. Mwiniwake akakana zimenezi, sitigula.

Mwezi watha tinaitsitsa giyabokosi ija n'kuitsegula pabenchi. Magiya onse anali bwino, mabering'i ali bwino, mano a yachiwiri atangoperepeseka pang'ono kunsonga. Tinasintha mphete ya yachiwiri ndi ya yachitatu, komanso mbale ya klatchi poti tinali titafika kale pamenepo. Bambo aja anandipatsa mphete yakaleyo ndi yatsopano kuti ndiyendetse chala m'kati mwake. Yatsopano inkakanda chala, yakale inali see ngati m'kati mwa kapu. Giyabokosi imene ndinauzidwa kuti nditaye ndi yomweyo imene ndayendera lero popita kuntchito, ndipo yachiwiri yalowa osamveka.