Manyowa a nyongolotsi, a m'khola ndi feteleza: nyemba zimamera bwino pati?

Amene munagwadapo m'dimba n'kuyang'anitsitsa nyemba ikutuluka mukudziwa kuti imabwera itapinda khosi, ikukoka mbali ziwiri za njere ija. Dothi likauma gwa pamwamba, khosilo limathyoka ndipo phando limenelo latha. Mpikisano wa zinthu zitatuzi umaonekera pamenepo, pakati pa tsiku la 5 ndi la 10 chidzalireni.

Manyowa a nyongolotsi ndi ndowe za tinyongolotsi tofiira totchedwa Eisenia fetida, timene timadya makoko, masamba ndi ndowe za ng'ombe zozizira. Amatuluka akuda, ofewa ngati masamba a tiyi ogwiritsa ntchito kale, osanunkha. Mukawasakaniza ndi dothi la m'phando, pamwamba sipalimba ndipo chinyezi chimakhalitsa, choncho nyemba zimamera pamodzi, zobiriwira bwino. Koma musanyengeke n'kudzala njere m'manyowa okhaokha. Akachuluka amachedwetsa kumera, mwina n'kuoletsa njere chifukwa cha mchere ndi madzi amene amasunga. Ine ndimaika kadzanja kamodzi, dothi likhale lambiri kuposa manyowa.

Vuto lake ndi kuchepa. Nyongolotsi sizithamanga: miyezi iwiri kapena itatu musanakolole, ndipo zimafuna mthunzi ndi kuthirira. Mukaiwala kuvundikira bokosi lowetera nyongolotsizo, nkhuku zimachita phwando. Linthumbu likalowa, mwayambanso pachiyambi.

Manyowa a m'khola ali paliponse, osagula. Akaola bwino amatsala pang'ono kufanana ndi a nyongolotsi aja. Koma ambirife timatapa aawisi. Amenewo amatentha njere, amaitana mphutsi, ndipo bonongwe amamera msanga kuposa nyemba zanu za mtundu wa Kholophethe.

Feteleza wokulitsa wa 23:10:5+6S+1.0Zn sathandiza chilichonse pa kameredwe, chifukwa masiku oyamba kambewu kamadya nkhokwe yake ya m'njere. Akakhudzana ndi njere amaiwotcha, makamaka mvula ikadula. Mphamvu yake imaoneka pambuyo, mizu ikamupeza, ndipo fosifolasi wake nyemba zimamufunadi. Muikeni pambali, kutalika kwa chala kuchoka pa njere. Urea ndiye musataye naye ndalama: mudzakolola khwanya wambiri, nyemba zochepa, pakuti nyemba zili ndi timatuza m'mizu todzipangira nayitrojeni, ndipo mukazipatsa wambiri timatuzato timachita ulesi.

Ndiye tisankhe chiyani? Pa mabedi ochepa a kudimba, pamene phando lililonse lili ndi mtengo wake, ndimatenga a nyongolotsi mosakayika. Pa ekala yathunthu, monga amalimira ku Dedza ndi ku Ntcheu mosakaniza ndi chimanga, bokosi limodzi silingafike ngakhale mizere khumi. Kumeneko thirani a m'khola oola bwino musanadzale, feteleza pang'ono pambali, ndipo a nyongolotsiwo muwasungire kachigawo kamene mukufuna kudzapatulapo mbewu ya chaka chamawa.