Wex: mtanthauziramawu wa zamalamulo waulere, koma wolembedwera Amereka

Munthu amene akuyamba kuphunzira zamalamulo amapunthwa pa mawu asanafike n'komwe pa malamulowo, ndipo n'chifukwa chake ndinayamba kugwiritsa ntchito Wex, mtanthauziramawu wa pa intaneti wa bungwe la Legal Information Institute. Bungweli analikhazikitsa ndi Peter Martin ndi Thomas Bruce mu 1992 kusukulu ya zamalamulo ya yunivesite ya Cornell ku America, ndipo aliyense amawerenga zimene lili nazo popanda kulipira.

Chimene ndimayamikira kwambiri ndi mmene liwu lililonse limakutengerani ku gwero lake. Mukafufuza stare decisis, mawu a Chilatini onena kuti khoti lizitsata zigamulo zam'mbuyo pa milandu yofanana, mumamvetsanso kuti chigamulo cha khoti lalikulu chimamanga makhoti aang'ono amene ali pansi pake, pomwe chigamulo cha khoti la kwina chingathe kungokopa maganizo a woweruza. Kuchokera pamenepo, dongosolo la magwero a malamulo limaoneka lokha: malamulo oyendetsera dziko ali pamwamba, pansi pake pali malamulo opangidwa ndi nyumba ya malamulo, kenaka malamulo ang'onoang'ono a nthambi za boma, ndipo makhoti ndiwo amamasulira zonsezi. Pa webusaiti yomweyo mungawerenge mlandu wa Marbury v. Madison wa mu 1803, umene unakhazikitsa mphamvu ya khoti yokana lamulo lotsutsana ndi malamulo oyendetsera dziko. Kusiyana kwa umboni kwafotokozedwanso bwino: pa mlandu wa upandu boma liyenera kuchotsa chikayiko chilichonse chomveka, pamene pa mlandu wa anthu awiri wodandaula amangofunika kuonetsa kuti zonena zake n'zolemera kuposa za mnzakeyo.

Pamene ndimachenjeza woyamba kumene ndi pakuti zofotokozazi zimatsata malamulo a ku America, ndipo zili m'Chingerezi. Mawu akuti felony ndi misdemeanor, osiyanitsa milandu ikuluikulu ndi yaing'ono, amafotokozedwa monga amagwirira ntchito kumeneko, chikhalirecho England inathetsa kusiyanitsa kumeneku mu 1967. Amene ali m'dziko lotsata dongosolo la malamulo osonkhanitsidwa m'buku limodzi, monga la ku France la mu 1804, apeza kuti zigamulo za makhoti zapatsidwa mphamvu imene kwawoko sizikhala nayo, choncho ayenera kuyerekeza tanthauzo lililonse ndi malamulo a dziko lawo asanalilowetse m'mutu.